Siponji yomeretsa fupa: lamulo limalola pati, limaletsa pati?

Fupa likathyoka, nthawi zambiri chikhakha ndi kudekha zimakwanira. Koma pali mafupa ena okana kulumikizana, ndipo pali maopaleshoni ena a msana omwe dokotala amafuna dala kuti mafupa awiri agwirane akhale limodzi. Kwa odwala otere kuli kasiponji koviikidwa m'puloteni yotchedwa BMP-2. Ku America amakagulitsa pa dzina la Infuse, ku Ulaya InductOs. Nawa mafunso omwe anthu amakonda kufunsa pa malamulo ake.

Kodi kanthuka n'kotani kwenikweni?

Ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi puloteniyo, yomwe imauza maselo a m'thupi kuti asanduke omanga fupa. Mu 1965, dokotala wa mafupa wa ku Los Angeles, Marshall Urist, anaika tizidutswa ta fupa lochotsedwa laimu wake m'minofu ya akalulu, ndipo m'minofumo munamera fupa. Zinatenga mpaka 1988 kuti asayansi a kampani ya ku America ya Genetics Institute apeze njira yopangira puloteniyo m'labu.

Chachiwiri ndi chonyamulira. Puloteni ikathiridwa yokha pabala, magazi amaikokolola isanagwire ntchito, ngati feteleza wothira mvula yamkuntho ili pamutu. N'chifukwa chake amaimwetsa m'siponji ya kolajeni wochokera ku ng'ombe. Kolajeni ndi polima yachilengedwe, kutanthauza tizingwe tating'onoting'ono tolukanalukana, ndipo thupi limamusungunula pang'onopang'ono ngati ulusi uja amasokera mkati pochita opaleshoni. M'chipinda cha opaleshoni, namwino amasungunula ufa wa puloteniyo m'madzi oyera, n'kudontheza pasiponji yoyera ngati thonje lopsinja. Kenako amadikira mphindi zosachepera 15 kuti puloteni igwirire, ndipo siponjiyo iyenera kulowa m'thupi maola awiri asanathe. Saloledwa kuifinya.

Ndani anavomereza, ndipo anavomereza pa matenda ati?

Ku America ndi bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA, ndipo poyamba linatsegula zitseko zitatu. Mu 2002 linalola kuti siponjiyi igwiritsidwe ntchito polumikiza mafupa awiri a kumunsi kwa msana, dokotala akulowera cha kumimba, siponji ili m'kakhola kachitsulo, wodwalayo atayesa kaye chithandizo china kwa miyezi isanu ndi umodzi osathandizika. Mu 2004 linawonjezera fupa la pamsongolo lothyoka mpaka kuboola khungu, mtundu wa kuvulala komwe timakuona pangozi za njinga zamoto. Apa fupalo liyenera kukhala litaikidwa chitsulo mkati, ndipo siponji ilowe pasanathe masiku 14 chithyokereni. Mu 2007 kunabwera chitseko cha madokotala a mano, chokulitsira fupa la nsagwada asanabzalemo dzino loikirira.

Ku Ulaya chilolezo chinatulukanso mu 2002. Chosiyana n'chakuti kumeneko amaiwerenga ngati mankhwala, pomwe ku America inadutsa khomo la zipangizo zachipatala.

Ndani saloledwa kuikidwa siponjiyi?

Mayi woyembekezera, mwana yemwe mafupa ake akukulabe, munthu wodwala khansa, munthu yemwe pamalo pofuna kuikapo pali mafinya kapena tizilombo, komanso yemwe thupi lake limadana ndi kolajeni wa ng'ombe. Mayi wa msinkhu wobereka amauzidwa kuti asatenge pakati mpaka chaka chitatha.

Nanga dokotala akaiika pamalo pena, walakwira lamulo?

Ayi, ndipo nkhani yonse yagona apa. Lamulo la ku America limaletsa kampani kutsatsa malonda ake pa ntchito yomwe sinavomerezedwe, koma silimanga manja a dokotala. Akaona kuti wodwala wake zimuthandiza, atha kugwiritsa ntchito. Zotsatira zake, m'zaka zoyamba zija maopaleshoni ambiri omwe siponjiyi inalowamo anali a kunja kwa zitseko zitatu zija: ena kumsana cholowera kumbuyo, ena m'khosi.

M'khosi ndi momwe munavuta. BMP-2 imatupitsa minofu yoizungulira. Kutupa kukachitika pamsongolo, munthu amangomva ululu, koma m'khosi mumadutsa mpweya ndi chakudya, malo ake ndi othithikana. Mu Julayi 2008, FDA inachenjeza madokotala kuti m'zaka zinayi inalandira malipoti osachepera 38 a anthu omwe khosi ndi mmero zinatupa, ena mpaka kulephera kumeza, kulankhula kapena kupuma. Ambiri zinawayamba pakati pa tsiku lachiwiri ndi la 14 chichitireni opaleshoni, nthawi yomwe wodwala akhoza kukhala atatulutsidwa kale ali kunyumba. Ena anachita kubooledwa pakhosi kuti apume.

Ine ndimaona kuti vuto silinali puloteni yokha ayi. Siponji ndi siponji basi: imataya gawo lalikulu la zomwe yanyamula m'masiku oyambirira, motero pamafunika kuthira yochuluka kuposa yomwe thupi limapanga palokha. Yotayikayo siidziwa malire, imatha kumeretsa fupa pafupi ndi mtsempha pomwe palibe anafuna fupa.

Kodi imaposa njira yakale?

Njira yakale ndi kusema fupa pang'ono m'chiuno mwa wodwala yemweyo n'kukaliika pofunikapo. Imagwira ntchito, kungoti imasiya bala lachiwiri lomwe ena limawawawa nthawi yaitali. Mu 2011, magazini ya The Spine Journal, motsogozedwa ndi mkonzi wake Eugene Carragee, inadzudzula kuti kafukufuku woyamba wothandizidwa ndi ndalama za kampani sananene zovuta zonse. Kampani ya Medtronic, yomwe imagulitsa Infuse, inapereka zolemba zake zonse ku yunivesite ya Yale, ndipo magulu awiri oima paokha anaziunikanso. Zomwe anatulutsa mu 2013 zinasonyeza kuti pa opaleshoni ya msana, odwala sanapeze phindu looneka kuposa omwe anaikidwa fupa la m'chiuno mwawo. Ubwino wake wosakanika ndi wakuti chiuno sichisemedwa.

Bwanji osapanga chonyamulira chabwinopo?

Akuyesa. Pali mapolima opangidwa m'fakitale, monga PLGA, omwe amasungunuka n'kusanduka timaasidi tomwe thupi limadziwa kale kutaya, ndipo wopanga atha kusankha kuti asungunuke msanga kapena mochedwa. Koma chonyamulira chikasintha, kwa FDA chimenecho ndi chinthu chatsopano, chofunika kuyesedwa pa nyama, kenako pa anthu, chisanapatsidwe chilolezo chakechake.

Dokotala akanditchulira siponjiyi, ndimufunse chiyani?

Mufunseni ngati malo omwe akufuna kuikapo ali m'gulu la ovomerezeka, ndipo ngati sali, chifukwa chake n'chiyani. Mufunse chomwe chikuletsa kugwiritsa ntchito fupa lanu lomwe. Muuzeni ngati munadwalapo khansa kapena mukulingalira zotenga pakati. Ngati opaleshoniyo ndi ya m'khosi, achibale okudwazikani adziwe kuti mawu akayamba kusasa kapena phala likamakana kutsika, nthawi yomweyo abwerere nanu kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku.