Kanjira kotsikira ku Boiling Pot ndi mbiri ya chigwembe cha Batoka

Anthu ambiri akapita ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) amathera pamwamba basi, kujambulitsa pa kamlatho ka Knife Edge, kunyowa ndi mvula ya mathithi ija kenako ulendo wobwerera ku tauni. Koma mukalowa pa geti la mbali ya Zambia pali kanjira kena kamene kamapatuka nkutsetsereka kupita pansi penipeni, mpaka kukafika pa madzi a Zambezi pamalo amene azungu anawatcha Boiling Pot, ndiye kuti mphika wowira. Kanjirako nkakafupi, sikakwana ndi kilomita imodzi yomwe, koma mumatsika mamita pafupifupi 100 ndiye mawondo amamva ndithu. Ine ndinatsikako mu September madzi atachepa, ndipo mpaka lero ndimaona kuti amene sanatsike kumeneko malo aja wangowaona theka.

Poyamba mumaponda masitepe amiyala, ena aatali ena aafupi, kumwamba kuli kotentha udzu utauma gwa, koma mukangotsika pang'ono mpweya umasintha, kumayamba kuzizira, mwalowa mu kankhalango ka kanjedza ndi mikuyu kobiriwira chaka chonse chifukwa cha chinyontho. Anyani amakhala pa masitepe pomwepo, mayi akupenda nsabwe mwana wake osasuntha ngakhale mufike pafupi, ndiye ngati muli ndi chakudya bisani mu chikwama chifukwa jumbo ya pamanja amalanda. Chakumunsi masitepe amatha, mumayamba kudumpha pa miyala yakuda ikuluikulu, ina yoterera ngati yapakidwa sopo, mpaka mumatulukira pa dziwe lija. Madzi onse a Zambezi, amene kumtunda anatambasuka mamita 1,708 pogwa, amapanikizana kudutsa pa mpata wa mamita 110 okha, nkukagunda khoma la mwala, nkukhota mwadzidzidzi, ndiye amazungulira akufufuma kuchokera pansi ngati phala likuwira pamoto. Mukakweza maso, mlatho wachitsulo uli mmwamba mwenimweni, malole akudutsa mmodzimmodzi akuoneka ngati zidole za ana.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi, pamene mwaimapo pamenepo kale kale panali mathithi. Mwala wakudawo unachokera ku chiphalaphala chamoto chimene chinayenderera dera lonselo zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, pozizira unang'ambika ming'alu italiitali ndipo mming'alumo munadzaza dothi ndi miyala yofewa. Mtsinje ukapeza mng'alu umaukokolola mpaka kukhala phompho, madzi nkumagwera mmenemo, pakapita zaka masauzande ambirimbiri umapezanso mng'alu wina chakumtunda nkusamukira kumeneko, phompho lakale nkusanduka chigwembe chongodutsa madzi. Nchifukwa chake mukaona chithunzi chojambulidwa pa ndege mtsinjewo kumunsi kwa mathithi umayenda mokhotakhota ngati njoka mu zigwembe zimene zonse pamodzi amazitcha chigwembe cha Batoka, chigwembe chilichonse ndi malo amene mathithi anakhalapo nkusamuka. Ndipo sanasiye, ku mbali ya Zimbabwe pa Devil's Cataract madzi ayamba kale kudya mng'alu watsopano.

Anthu akhala akuona zimenezi kuyambira kalekale. Zida zamiyala za anthu akale zinafukulidwa pafupi ndi mathithi pomwepo, ndipo J. Desmond Clark amene ankayang'anira myuziyamu ya ku Livingstone kuyambira 1938 anagwira ntchito yaikulu pa zimenezi. Koma eni malo amene timawadziwa ndi maina ndi a Leya, anthu a mfumu Mukuni amene mudzi wawo uli makilomita ochepa kuchoka pa mathithi, pamodzi ndi a Toka ndi anthu a mfumu Sekute. Iwo mathithiwo amawatcha Shungu Namutitima. Kwa a Mukuni mfumu silamulira yokha, pali mayi wotchedwa Bedyango amene amasunga za nthaka, za mvula ndi za mizimu, chimodzimodzi mmene ife timadziwira za Makewana ku Msinja. Mathithi ndi chigwembe chake anali malo opempherera, osati okajambulitsa. Ngakhale David Livingstone yemwe analemba kuti pa malo atatu pafupi ndi mathithiwo mafumu atatu ankapereka nsembe kwa mizimu.

Dzina loti Mosi-oa-Tunya, utsi umene umagunda, linabwera ndi Makololo a Sebetwane amene anachokera kummwera kwenikweni nthawi ya nkhondo za mma 1820 nkudzagonjetsa dera la kumtunda kwa Zambezi. Mwana wake Sekeletu ndi amene anaperekeza Livingstone mu November 1855, anthu akumeneko nkumupalasa pa bwato mpaka pa kachilumba ka pakamwa pa mathithi pamene anasuzumira pansi koyamba. Livingstone anangowatcha dzina la mfumukazi ya kwawo, Victoria. Atabweranso mu 1860 anayesa kuya kwa phomphomo pomangirira zipolopolo ndi kansalu koyera ku chingwe nkuchitsitsa. Ndiye apa pali nkhani yathu ife a ku Malawi imene ambiri sitiiganizira tikamaona zithunzi za mathithi aja. Pa ulendo wa 1860 umenewo Livingstone pobwerera anatenganso anyamata ena a kwa Sekeletu, ndipo anyamatawo sanabwererenso kwawo, anakhazikika ku chigwa cha Shire pakati pa Amang'anja nkudzakhala mafumu. Maina ngati Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa mizu yake ili kumeneko, kumtunda kwa Zambezi. Ufumu wa Makololo kwawoko unagwetsedwa ndi a Lozi mu 1864, dzina lawo linatsalira kwathu kuno.

Tsopano za mlatho uja. Cecil Rhodes ankafuna njanji yochoka ku Cape mpaka ku Cairo, ndipo anafuna kuti sitima izidutsa pafupi kwambiri mpaka madzi a mathithi azidonthera pa mabogi. Iyeyo mathithiwo sanawaonepo ndi maso ake, anamwalira mu 1902 ntchito isanayambe, komabe mawu ake ndi amene anasankha malowo, ngakhale panali anthu nthawi yomweyo amene ankatsutsa kuti chitsulo chiwononga kukongola kwa malo. Pulani anajambula George Hobson, masamu ake ambiri anawerengera Ralph Freeman amene pambuyo pake anadzagwira ntchito ya Sydney Harbour Bridge, zitsulo zinasulidwa ku Darlington ku England ndi kampani ya Cleveland Bridge, nkubwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji kudzera ku Bulawayo. Anayamba kumanga mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, katundu akuwolotsedwa pa chingwe chachitsulo chokokedwa pamwamba pa phompho, mpaka mbali ziwirizo zinakumana pakati, tsiku la 1 April 1905. Anautsegula mu September chaka chomwecho, wotsegula anali George Darwin mwana wa Charles Darwin. Mlathowo ndi wautali mamita 198 ndipo uli mamita 128 pamwamba pa madzi.

Maina a azungu onsewa alipo pa zikwangwani ndi mmabuku, koma anthu akuda mazanamazana amene ananyamula zitsulo, kukumba maziko mmbali mwa phompho ndi kukwera mmwamba muja maina awo simuwapeza pa chikwangwani chilichonse, ndipo zimenezi zimandipweteka. Komanso mlathowo unalanda anthu chuma. Kale aliyense wofuna kuwoloka Zambezi ankadalira mabwato a eni dera kumtunda kwa mathithi, mafumu ankapezapo mphamvu ndi katundu, sitima itayamba kudutsa zonsezo zinatha. Kamudzi ka azungu ka Old Drift kamene kanali pa doko kanasamutsidwa, malungo anali atapha anthu ambiri kumeneko, nkumangidwa tauni ya Livingstone imene inadzakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene analisamutsira ku Lusaka. Malo ozungulira mathithi anasanduka otetezedwa ndi boma, alendo akutsika ku Boiling Pot kukadya kamba wawo pansi pa kanjedza, eni ake amene makolo awo ankathira nsembe kumeneko akuyamba kulowa mopempha.

Mlatho womwewo unadzaonanso ndale. Mu August 1975 anaimika bogi ya sitima pakatikati pake, pa mzere wa boda, Ian Smith mtsogoleri wa boma la azungu atakhala mbali ya Rhodesia (Zimbabwe ya lero), atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda Abel Muzorewa, Joshua Nkomo ndi Ndabaningi Sithole atakhala mbali ya Zambia, Kenneth Kaunda wa ku Zambia ndi John Vorster wa ku South Africa ali pomwepo kuwakankha kuti agwirizane zothetsa nkhondo ya ku Rhodesia. Zokambiranazo zinalephereka ndipo nkhondo inapitirira mpaka 1979.

Mu 1981 kampani ya ku America yotchedwa Sobek inayamba kutsetsereka ndi mabwato opopa mpweya kuchokera pa Boiling Pot pomwepo, Kaunda anabwera kudzawaona akunyamuka, ndipo kuyambira pamenepo chigwembe cha Batoka chinatchuka dziko lonse kwa anthu okonda masewero a pa madzi olusa. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1989. Tsiku limene ndinatsikalo ndinapatukira anyamata angapo pa masitepe, mmodzi atasenza bwato lopindidwa pamutu, lolemera mwina kuposa thumba la chimanga, wina zopalasira zomangidwa mtolo paphewa, kuphazi atavala mapatapata basi, akutsika mothamanga pamalo pamene ine ndimagwira mwala ndi manja onse awiri. Ndinalonjerana ndi mmodzi mu Chinyanja, anandiyankha bwinobwino akupukuta thukuta ndi malaya, nkundiuza kuti kwawo nkwa Mukuni ndipo madzulo akakumana ndi mabwatowo kumunsi kukawakwezanso phiri. Ntchito ndi yowawa, koma mabanja ambiri amadya kuchokera mu chigwembe chimenechi.

Mkangano umene ulipo lero ndi wa damu. Zambia ndi Zimbabwe kudzera ku bungwe lawo la Zambezi River Authority akhala akufuna kutseka chigwembe cha Batoka makilomita pafupifupi 50 kumunsi kwa mathithi, kuti apange magetsi okwana mamegawati 2,400 ogawana pakati. Mu 2019 ntchitoyo inapatsidwa kwa General Electric ndi PowerChina koma sinayambe, mgwirizanowo unadzasiyidwa kuti afunefune ena. Amene akufuna damu ali ndi mfundo, chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a Kariba mpaka anthu ku Lusaka ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, ife amene timadziwa mabulakauti sitinganyoze zimenezo. Koma madzi a damulo adzabwerera mmbuyo kudzaza chigwembe, mafunde ambiri amene amadyetsa anyamata aja adzamira, mbalame zimene zimaswera mmakoma amiyala ngati kabawi wosowa uja wotchedwa Taita zidzasokonezeka, ndipo chilala chomwecho chimene chinaumitsa Kariba chingadzakhudzenso Batoka poti mtsinje ndi umodzi. A Tonga sanaiwale kuti pomanga Kariba mma 1950 anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, ambiri nkukhala zaka ndi zaka opanda magetsi amene anawachotsera kwawo. Ine mtima wanga uli ndi anthu a mmidzi ya mmbali mwa chigwembe, afunsidwe poyamba iwowo, osati kumva pa wailesi zonse zitasainidwa kale ku Lusaka ndi ku Harare.

Ndinakhala pa mwala pafupifupi ola lathunthu ndisanayambe kukwera. Pobwerera mpamene mtunda uja umaoneka kukula kwake, ndinapuma katatu mu mthunzi wa kanjedza, madzi a mu botolo anathera pakati panjira, ndipo nditatulukira pamwamba dzuwa la Livingstone linali litafika pa liwombo, phokoso la mphika uja likumvekabe kumunsi.