Nkhani yoona imafufutidwanso: mmene Wikipedia imaweruzira

Tiyerekeze mnyamata wa ku Mbare, muno mu Harare, amene wachezera usiku wonse pafoni, data n'kumuthera kawiri, akulemba pa Wikipedia ya Chingerezi mbiri ya gulu lothandizana pa maliro limene agogo ake anayambitsa atangofika kuno kuchokera ku Dedza. Zonse zimene walemba n'zoona: chaka, mayina a oyambitsa, maliro amene gululo laperekeza mpaka kumudzi. Kukucha, tsamba lija kulibe. Patsala kabokosi kofiirira kosonyeza dzina la amene wafufuta, nthawi yake, ndi chizindikiro chakuti A7, chimene tichimasulira kutsogoloku. Ambiri akafika apa amati ndi tsankho basi, n'kugwa ulesi. Kukondera kulipodi, tikukamba kutsogoloku, koma kawirikawiri chimene chagwetsa nkhani n'china, ndipo munthu angachidziwe asanalembe n'chilembo chimodzi chomwe.

Wikipedia, nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti, ilibe atolankhani. Chiyambire mu 2001 imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri osatchula mayina awo enieni, ndipo palibe amene angakwere kombi kupita ku Mbare kukafunsa ngati zimene mwalembazo zinachitikadi. Ndiye anagwirizana kuti azingobwereza zimene zinasindikizidwa kale kwina. Lamulo lake amalitcha notability, ndipo dzinali limasocheretsa anthu. Silifunsa ngati munthu ndi wotchuka kapena wofunika kwa anthu ake. Limafunsa ngati anthu ena, amene sali naye pachibale chilichonse, analembapo za iye mozama m'malo odalirika. Zili ngati pabwalo la mfumu: mwini mlandu angalankhule bwino chotani, bwalo limafunabe mboni.

Mboni zimenezi ndi magwero, ndipo gwero lililonse amaliyesa m'njira zitatu nthawi imodzi.

Choyamba ndi kuzama. Dzina la wosewera mpira likangooneka pamndandanda wa timu, kapena pamzere umodzi wonena kuti ndiye wagoletsa, kumeneko n'kungomutchula modutsa. Zoterezi ngakhale zikhale makumi asanu sizipanga gwero limodzi. Chofunika ndi nkhani imene mtolankhani wakhalira pansi n'kufotokoza munthuyo: anachokera kuti, wachita zotani, ena akuti chiyani za iye.

Chachiwiri ndi kudalirika: kodi pamalopo pali mkonzi amene amaona nkhani isanatuluke, n'kukonza akalakwitsa? Nyuzipepala monga The Herald, NewsDay, The Standard za kuno ku Zimbabwe, kapena The Nation ndi The Daily Times za ku Malawi, zimalowa m'gulu limeneli pa nkhani wamba. Mabuku a ofufuza a m'mayunivesite amaposa zonse. Facebook, WhatsApp, TikTok, ndi tsamba la intaneti limene munthu mmodzi amalemba yekha n'kudzikonzera yekha, zimenezi ayi. Asamadandaule a ku Africa okha: mu 2017 alembi a Wikipedia anagwirizana zosiya kudalira nyuzipepala ya Daily Mail ya ku London.

Chachitatu, chimene chimagwetsa anthu ambiri, ndi chakuti gwero lisakhale la mwini nkhani. Tsamba la gulu lanu, kabuku kamene mpingo unasindikiza pa chikondwerero chake, pulogalamu ya maliro, chilengezo cholipiridwa m'nyuzipepala, zonsezi ndi mawu a mwini wake. Ngakhale kucheza ndi mtolankhani, ngati nkhani yonse ili mafunso ndi mayankho, ambiri amakuwerengera ngati munthu akudzinenera yekha. Kalata yopita kwa atolankhani ikatuluka pamasamba atatu mawu ake osasintha, limenelo ndi gwero limodzi, ndipo si loima palokha. Samalaninso ndi nyuzipepala za nyumba imodzi: The Herald ndi Chronicle zonse n'za Zimpapers, ndiye nkhani imodzimodzi ikatuluka konsekonse imawerengedwa kamodzi. Lamulo silitchula nambala yeniyeni, limangoti magwero akhale angapo. Alembi ozolowera amakonda kunena kuti bweretsani atatu abwino koposa, enawo muwasunge.

Pali malamulo ena apadera. Phungu wa Nyumba ya Malamulo ya dziko amalandiridwa chifukwa cha udindo wake, koma khansala wa wadi kapena munthu amene anangopikisana nawo pachisankho n'kugwa ayenera kubweretsa magwero ngati wina aliyense. Kwa a mpira zinthu zinasintha mu 2022. Kale kungosewera m'ligi ya akatswiri kunali kokwanira, lero ayi. Benjani Mwaruwari, amene anasewera ku Portsmouth ndi Manchester City, sangakayikiridwe poti analembedwa kwambiri, koma mnyamata amene wasewera masewera atatu m'ligi yakuno alibe chomuteteza. Mabungwe ndi makampani ndiye amawapanikiza koposa, chifukwa otsatsa malonda anavutitsa: pamafunika gwero limodzi kapena kuposerapo lofika kuchigawo chonse kapena dziko lonse, osati kanyuzipepala ka m'dera lokha. Gulu la agogo lija likugwera pamenepa.

Tsopano kufufuta kumene. Njira zake zilipo zitatu, ndipo chochita chimasiyana malinga ndi njira.

Yachangu ilibe zokambirana. Wina amaika chizindikiro, admin (mlembi wopatsidwa mphamvu yofufuta masamba) akaona n'kuvomereza, tsamba lapita, mwina m'mphindi zochepa. A7 imatanthauza kuti nkhani ya munthu, gulu kapena bungwe sinanene n'komwe chimene chikulisiyanitsa ndi ena. G11 ndi kutsatsa poyera: mawu ngati "wodziwika dziko lonse", "mtsogoleri wamasomphenya", pansi pake nambala ya foni. G12 ndi kukopera mawu a eni ake, ngakhale mutakopera patsamba la bungwe lanu lomwe. Wolemba nkhaniyo saloledwa kuchotsa yekha chizindikirocho. Pali batani lotsutsira, ndipo mukalidina mulembe chifukwa chenicheni msangamsanga. Kulemba kuti "chonde musafufute, ndavutika nayo" sikuthandiza.

Yachiwiri amaitcha PROD. Chizindikiro chimakhala masiku 7, ndipo aliyense, ngakhale inu wolemba, angachichotse. Chikachotsedwa sichibwereranso, wofuna kuti nkhaniyo ifufutidwe ayenera kupita kubwalo lalikulu. Kusiyana kulipo pa mbiri ya munthu wamoyo yopanda gwero ngakhale limodzi: pamenepo chizindikiro sichichoka mpaka mutaikapo gwero lodalirika.

Bwalo lalikululo, njira yachitatu, ndi AfD. Zokambirana zimatenga masiku 7, nthawi zina amawonjezera anthu akachepa. Apa ndi pamene a kwathu amadziwonongera okha mlandu. Munthu amaponya linki pagulu la WhatsApp la mpingo kapena la a kumudzi, anthu makumi awiri n'kutsegula maakaunti tsiku lomwelo, aliyense n'kulemba kuti "isafufutidwe, timamudziwa". Si chisankho chimenechi, sawerenga manja. Wotseka zokambirana amayesa kulemera kwa mfundo, ndipo maakaunti atsopano obwera pamodzi amaikidwa chizindikiro, mawu awo n'kupepuka. Munthu mmodzi akatsegula maakaunti angapo ndiye amatsekeredwa onse. Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma: mzere umodzi wotchula nyuzipepala, tsiku ndi tsamba umaposa khamu lonselo. Zotsatira si ziwiri zokha. Nkhani ingasungidwe, ingafufutidwe, ingaphatikizidwe ndi ina yaikulu, kapena ingabwezedwe kukhala draft (nkhani yosatulutsidwa poyera) kuti ikonzedwe. Anthu akalephera kugwirizana, kawirikawiri imatsala.

Ikafufutidwa si kuti yapsa. Ma admin amaionabe. Yambani ndi amene dzina lake lili m'kabokosi kofiirira kaja, mumupemphe mwaulemu kuti akubwezereni ngati draft. Yofufutidwa kudzera pa PROD amabweza mukangopempha. Ngati wotseka AfD anaphonya ndondomeko, kapena mwapeza magwero atsopano amphamvu, pali kochitira apilo kotchedwa Deletion review. Chimene musachite n'kuilembanso momwemo pansi pa dzina losinthako pang'ono. Imafufutidwa pompo ndi G4, chizindikiro cha nkhani yobwerezedwa itafufutidwa kale pabwalo, ndipo mukalimbikira amakhoma mutuwo kuti wina asadzaulembenso.

Tibwerere ku kukondera kuja. Mu 2007 Jimmy Wales, mmodzi mwa oyambitsa Wikipedia, analemba kankhani kakafupi ka Mzoli's, malo ootcha nyama amene anali ku Gugulethu ku Cape Town. Kanafufutidwa patangopita mphindi 22, n'kudzabwezedwa pambuyo pa mkangano waukulu. Mu 2018 draft yonena za wasayansi Donna Strickland inakanidwa kuti magwero ake ndi osakwanira, miyezi yochepa asanalandire mphoto ya Nobel. Ngati zimagwera oterowo, nanga ife? Mbiri ya anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu muno mu Harare, Salisbury wakale, ili kwambiri m'kamwa mwa okalamba. Nyuzipepala za nthawi imeneyo sizinkawalemba kawirikawiri, ndipo zambiri mwa zimene zinalembedwa sizili pa intaneti. Woweruza wokhala kutali akafufuza pa Google mphindi zisanu osapeza kanthu, amati kulibe. Lamuloli lili ndi chilema chimenechi, ndipo n'kulakwa kuchibisa. Komabe kulichotsa sikungatipindulire, chifukwa ndi lomwelo limene limaletsa munthu wokwiya kulemba mabodza okhudza abusa anu kapena malume anu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti gwero silifunika kukhala pa intaneti, ndiponso silifunika kukhala m'Chingerezi. Nkhani ya m'Kwayedza ya Chishona, ya m'nyuzipepala ya Chichewa, ya m'magazini akale monga Parade ndi Moto, kapena ya mu African Daily News imene boma linatseka mu 1964, zonse zimagwira ntchito. National Archives of Zimbabwe, pamsewu wa Borrowdale, imasunga nyuzipepala zakale. Mukapeza nkhani, lembani zisanu izi musanatseke buku: dzina la nyuzipepala, tsiku lathunthu, nambala ya tsamba, mutu wa nkhani, ndi dzina la wolemba ngati lilipo. Kopaninso chiganizo chimodzi kapena ziwiri mawu ake enieni, kuti wokayikira aone kuzama kwake. Linki ya pa intaneti muisunge pa Wayback Machine, malo osungira masamba a pa intaneti, tsiku lomwelo, poti masamba a nyuzipepala zathu amasowa akasintha makina.

Magwero akhale m'manja, kulemba kubwere pambuyo, ndipo chiganizo chilichonse chichokere m'gwero, osati m'mutu. Akaunti yatsopano siloledwa kutulutsa nkhani mwachindunji pa Wikipedia ya Chingerezi mpaka itakwanitsa masiku 4 ndi kusintha zinthu ka 10. Ngakhale zitakwana, kuyamba ndi draft n'kuitumiza kuti ena aione kuli bwino, makamaka ngati mukulemba za wachibale kapena bungwe lanu, zimene muyenera kuulula. Wolipidwa kuti alembe amakakamizidwa kunena amene wamulipira. Draft ikakhala miyezi 6 osakhudzidwa imafufutidwa, koma iyonso amabweza mukapempha.

Nanga magwero akakhala awiri ofooka? Musakakamize tsamba lakelake. Lamulo la notability limakhudza kukhala ndi tsamba lapadera, silikhudza chiganizo chilichonse cha m'nkhani. Mizere iwiri ya gulu la maliro lija, yokhala ndi gwero, ingakhale bwinobwino m'nkhani ya Mbare. Gulu la gule la ku Mufakose kapena Dzivarasekwa lingatchulidwe m'nkhani ya Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ndipo ofufuza amulemba kwambiri. Palinso Wikipedia ya Chichewa, pa ny.wikipedia.org, imene ili ndi nkhani zochepa ndi alembi ochepa. Wikipedia ya chinenero chilichonse imadziikira malamulo ake, ndiye chokanidwa ku Chingerezi chingapeze malo kumeneko, ngakhale nakonso adzakufunsani kumene mwazitenga.