Kodi anthu anzeru kwambiri amagona pang'ono?

Pafala nkhani yoti anthu anzeru kwambiri amagona maola 4 okha, ndiye ukafuna kufanana nawo uzidzimana tulo. Si zoona.

Anthu okhuta tulo msanga alipodi, koma ndi ochepa kwambiri. Mu 2009, gulu la wasayansi Ying-Hui Fu ku University of California, San Francisco, ku America, linapeza mayi ndi mwana wake wamkazi omwe ankagona maola pafupifupi 6 n'kudzuka ali ndi mphamvu, chifukwa jini yawo (kachinthu ka m'thupi kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa DEC2 inali yosiyana ndi ya ena. Izi n'zobadwa nazo, sizozolowera, ndipo kafukufukuyo anali wa tulo, osati wa nzeru.

Amene amandidetsa nkhawa ndi ophunzira ochezera mabuku usiku wonse mayeso akayandikira. Tili mtulo, mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus imabwereza zimene taphunzira masana kuti zikhazikike m'mutu. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7.