Majini oyendera limodzi

Majini ndi tizigawo ta DNA timene timanyamula zimene mwana amatengera kwa makolo, ndipo amandandalikana pa timaulusi totchedwa makromosomu. Majini awiri oyandikana pa kromosomu imodzi kawirikawiri amapita limodzi kwa mwana. Thupi likamapanga dzira kapena umuna, kromosomu yochokera kwa mayi ndi inzake yochokera kwa bambo zimalumikizana n'kusinthana zidutswa. Majiniwo akatalikirana, mpata woti mduko ugwere pakati pawo umakula. Pogwiritsa ntchito mfundoyi, Alfred Sturtevant, wophunzira wa Thomas Hunt Morgan, anajambula mapu oyamba a majini mu 1913, pa ntchentche zazing'ono zokonda zipatso. Majini akamalekana kamodzi pa maulendo 100, mtunda wawo ndi centimorgan imodzi. Kulekanaku sikupitirira 50 pa 100, ngakhale majiniwo akhale pa makromosomu osiyana.

Zimenezo timaziona m'banja. Pa gulu lonse la anthu, funso ndi lina: kodi mitundu ya majini awiri imapezeka pamodzi kangati?

Tinene kuti mtundu A wa jini loyamba uli pa makromosomu 60 mwa 100, ndipo mtundu B wa jini lachiwiri uli pa 30. Ngati palibe chowamangirira, A ndi B apezeka pamodzi pa 0.6 × 0.3, kutanthauza 18 mwa 100. Apa akatswiri amati pali linkage equilibrium. Mukawerenga n'kupeza 28, kusiyana kwa 0.10 kumeneko kumatchedwa D. D imachepa m'badwo uliwonse: ngati majiniwo amalekana 50 pa 100, imatsika ndi theka m'badwo umodzi, ngati ndi 10 pa 100, pafunika mibadwo pafupifupi 7 kuti itsike ndi theka, ngati ndi 1 pa 100, mibadwo 69.

Choncho kuyandikana sikuyambitsa D, kumangoichedwetsa kutha. Imayamba jini likangosintha kumene pa kromosomu imodzi, gulu likachepa kwambiri, mitundu iwiri ya anthu ikasakanikirana, kapena jini lothandiza likafala msanga n'kukoka anzake oyandikana nawo.

Apa ndi pomwe ofufuza matenda amapunthwa. Chizindikiro cha mu DNA chimene chapezeka mwa odwala ambiri mwina si chimene chikuyambitsa nthendayo. Chingakhale chikungoyenda ndi jini lenilenilo. Komanso mwa anthu a ku Africa zigawo zoyendera limodzi ndi zazifupi, chifukwa zakhala zikudukaduka kwa mibadwo yochuluka. Chizindikiro chimene chimalosera bwino nthenda mwa anthu a ku Ulaya chikhoza kusokeretsa mwa Mwafirika, ndipo nchifukwa chake chiyenera kuyesedwanso m'gulu lililonse chisanagwiritsidwe ntchito kuchipatala.