Kodi Mvuu Munailenga Ndinu? Mbiri ya Mkangano wa Dzina ndi Nambala pa Zaluso ku Zomba

Pamsewu wokhotakhota wokwera phiri la Zomba, makamaka mukamayandikira hotela ya Ku Chawe, pamakhala anthu ogulitsa ziboliboli: njovu, mvuu, mabawo, mipando ya mafumu, timabokosi tonunkhira ta mkungudza. Pakati pa anthu amenewa pali dandaulo lakale lomwe silitha. Wina akatulukira kasemedwe katsopano, tinene mvuu yoyasamula yoti m'kamwa mwake muziikamo makiyi, sipapita nthawi mvuu zoyasamula zimangoti mbwee pamphasa ya aliyense, mtengo n'kugwa. Woyambitsa uja akadandaula, anzake amangomufunsa kuti, "Achimwene, kodi mvuu munailenga ndinu?"

Achinyamata ena amene anaphunzira zojambulajambula ku Chanco amaiona mwina nkhaniyi. Iwo amati chimene chikupha malonda si kuberana luso, koma kugulitsa katundu wopanda dzina komanso wopanda malire. Umboni wawo ndi zimene amaona pa Instagram: kadole ka pulasitiki ka masentimita ochepa kakugulidwa ndalama zoposa mpando umene munthu wausema mwezi wathunthu, pepala lodindidwa inki likupachikidwa m'nyumba za anthu olemera, zonsezi chifukwa pali dzina la mmisiri ndipo zinapangidwa zowerengeka. Madala osema amati imeneyo ndi misala ya anthu okhuta.

Chizolowezi chogulitsa chosema chopanda dzina chinabwera ndi mtundu wa ogula amene tauni ino inali nawo. Kuyambira mu 1891, pamene Harry Johnston anakhazikitsa likulu la boma la atsamunda kuno, Zomba inali ya anthu odutsa: abwanamkubwa, akuluakulu a m'maofesi, asilikali a King's African Rifles (KAR), anthu ogwira ntchito zaka zingapo n'kubwerera kwawo. Munthu womanga katundu wa ulendo wa ku England ankafuna kanthu kokaonetsa abale kuti anakhalako ku Nyasaland. Sankafunsa kuti wasema ndani. Amisiri nawo sanachedwe kuzindikira kuti chimene chagulidwa dzulo ndi chimene chigulidwenso mawa, motero kubwereza kunakhala nzeru ya malonda, osati chinthu chochititsa manyazi. Ndiponso kumudzi mtondo, mpini kapena ng'oma sizinkalembedwa dzina, popeza aliyense ankadziwa kale kuti mtondo uwu ndi dzanja la uje. Dzina limafunika chinthu chikapita kwa anthu osamudziwa mwini wake, ndipo pa ulendo wa pamadzi umenewo m'pamene linkatayika.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo n'kutsatira mu 1994, ogula anachepa koma chizolowezi chinatsala. Anatsala ndi alendo odzaona phiri, ogwira ntchito m'mabungwe ndi obwera kumisonkhano ya kuhotela. Ogulitsa ambiri akamalimbirana mlendo mmodzi, mtengo umayambira kumwamba n'kutsika mpaka wogula yemweyo kumva chisoni. Ena anafika popaka polishi wakuda wa nsapato pamtengo wamba kuti uoneke ngati phingo, ndipo zotsatira zake n'zakuti ngakhale wa phingo weniweni amakandidwa ndi chikhadabo asanamukhulupirire.

Mwambo wa dzina ndi nambala unayambira kwa osindikiza zithunzi a ku Ulaya, ndipo nawonso anauyamba ndi mkangano womwewu. Albrecht Dürer wa ku Nuremberg ankagoba chithunzi pathabwa kapena pachitsulo cha kopa, kupakapo inki, n'kudinda pamapepala ambirimbiri. Pakona ankaikapo chizindikiro chake cha zilembo A ndi D. Olemba mbiri akale amasimba kuti cha m'ma 1506 anakadandaula ku Venice chifukwa Marcantonio Raimondi ankakopera zithunzi zake pamodzi ndi chizindikirocho. Chigamulo akuti chinali chakuti chithunzi akhoza kukopera, koma zilembo za mwini wake asaikepo. Ndiye kuti zaka 500 zapitazo akuluakulu a ku Venice anavomerezana ndi osema a ku phiri kuno pa theka la nkhani, kuti mvuu ilibe mwini. Theka linalo ndi limene anaonjezera: dzina lili ndi mwini.

Nthawi ya Dürer, ngakhale ya Rembrandt, wojambula wa ku Holland, pambuyo pake, panalibe wolemba manambala pamakope. Panalibenso chifukwa. Kopa ndi chitsulo chofewa, mizere yake imafufutika pang'onopang'ono chikamapanikizidwa m'makina, moti makope oyamba ankaoneka bwino ndipo omaliza ankatuwa. Chidindo chinkadziikira chokha malire. Zinthu zinasintha cha m'ma 1850 pamene kunatulukiridwa njira yokutira kopa ndi chitsulo cholimba, chidindo chimodzi n'kumatulutsa makope masauzande, uku kamera ndi makina atsopano zikudzaza misika ndi zithunzi zotchipa. Amisiri ataona kuti malire aja achoka, anayamba kuwaika okha. Wojambula wina wobadwira ku America, James McNeill Whistler, anali mmodzi mwa oyamba kusaina makope ake ndi pensulo, ndipo losainidwa ankaligulitsa mokwera mtengo kuposa losasainidwa. Manambala anayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, n'kudzakhazikika m'zaka za m'ma 1900.

Kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. M'munsi mwa chithunzi, kumanzere, mmisiri amalemba mwachitsanzo 12/50, kusonyeza kuti ili ndi kope la 12 mwa makope 50. Kumanja amasaina. Amagwiritsa ntchito pensulo chifukwa siizirala ndi dzuwa komanso imaonekeratu kuti ndi dzanja, si makina. Pamakhala makope ena ochepa olembedwa A/P amene mmisiri amasunga yekha, kawirikawiri osapitirira limodzi pa khumi alionse. Ntchito ikatha, chidindo chija amachikanda mzere waukulu kapena kuchiboola kuti chisadzagwirenso ntchito. Pepala ndi inki n'zotchipa. Ndalama zambiri zimene wogula amatulutsa n'zolipirira lonjezo lakuti kope la 51 silidzakhalapo.

Zomba inalawako kale mwambo umenewu, ngakhale mwangozi. Ino ndi tauni ya osindikiza: nyuzi ya boma ya British Central Africa Gazette inayamba kutuluka kuno mu 1894, ndipo Government Print ikadalipo mpaka pano. Mu Malichi 1898 masitampa a mtengo wa peni imodzi atasowa m'dziko, boma linatenga chidindo chimene ankadindira macheke n'kupanga masitampa ongoyembekezera, olembedwa kuti INTERNAL POSTAGE. Poopa achinyengo, mkulu wa positi ankalemba zilembo za dzina lake kuseri kwa oyambirira, ndipo otsatira anawaika manambala. Timapepala tosaoneka bwino timeneti lero osonkhanitsa masitampa amatisakasaka, ndipo akakapeza amayamba akatembenuza kuti aone kuseri.

Zidole zinalowa mochedwa m'nkhaniyi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Hong Kong ndi ku Tokyo, ojambula achinyamata anayamba kupanga zidole zosati n'zoseweretsa ana koma zoika pashelefu. Mu 1999 Michael Lau anaonetsa ku Hong Kong Arts Centre zidole 99 za anyamata a mumsewu, zovala majuzi ndi nsapato za masiku amenewo. Chaka chomwecho Brian Donnelly wa ku America, wodziwika kuti KAWS, yemwe anatchuka polemba pazikwangwani za malonda mumzinda wa New York, anagwirizana ndi kampani ya zovala ya ku Japan yotchedwa Bounty Hunter n'kupanga Companion, chidole cha mutu wa chigaza ndi maso a zilembo X. Mu 2001 kampani ya Medicom Toy inatulutsa Be@rbrick, kachimbalangondo ka thupi losasintha, komwe amisiri osiyanasiyana amangosintha utoto wake. Kamapezeka m'misinkhu yodziwika ya masentimita 7, 28 ndi 70.

Chifukwa chimene oyambawa ankapangira zochepa sichinali chachilendo: chikombole choumbira pulasitiki n'chodula, ndipo wachinyamata wopanda chuma ankatha kulipirira mazana ochepa okha. Kuchepako kunali kwa umphawi, koma ogula anakukonda, makampani n'kuzindikira kuti kusowa kwa chinthu kumagulitsa.

Amene anafika nako patali ndi Pop Mart, kampani imene inayamba ku Beijing mu 2010. Mu 2019 inayamba kugulitsa Labubu, kanyama ka makutu aatali ndi mano osongoka komwe wojambula wobadwira ku Hong Kong, Kasing Lung, anakajambula koyamba mu 2015. Amakagulitsa m'bokosi lomata, moti wogula sadziwa kuti watenga mtundu uti mpaka atatsegula, ndipo pa mitundu ina kachidole kobisika kamapezeka kamodzi pa mabokosi 72. Mu Juni 2025 Labubu wamkulu wa msinkhu wa mwana wasukulu anagulitsidwa pa okushoni ku Beijing pa mtengo wa ma yuan 1.08 miliyoni, pafupifupi madola 150,000. Apa ndiye ine ndili kumbali ya madala aja. Mmisiri wodinda makope 50 ndi dzanja lake n'kuboola chidindo ndi wina, fakitale yotulutsa mamiliyoni n'kubisa kamodzi m'katoni ndi ina, ndipo yachiwiriyi yayandikira kwambiri juga. Nako polishi wa nsapato sanachedwe kufika: zabodza zake, zimene anthu amazitcha Lafufu, zadzaza misika ya m'maiko ambiri, ndipo ogula amachita kuwerenga mano ngati alipodi asanu ndi anayi.

Achinyamata a ku Chanco akanachita bwino kuloza pafupi m'malo mothamangira ku Beijing. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Peder ndi Ulla Gowenius a ku Sweden anayambitsa sukulu ya zaluso ya mpingo wa Lutheran yomwe inakhazikika ku Rorke's Drift ku South Africa. Kumeneko ophunzira ankagoba zithunzi pa lino, chinthu chotchipa choyala pansi m'nyumba, n'kudinda pamapepala ndi inki yakuda. Kunachokera Azaria Mbatha ndi John Muafangejo wa ku Namibia, yemwe anamwalira mu 1987, ndipo makope awo osainidwa ali m'nyumba zosungiramo zaluso za maiko ambiri. Sipanafunike fakitale. Njira inayo ndi ya Edward Saidi Tingatinga, amene anayamba kujambula nyama ndi penti wa njinga ku Dar es Salaam mu 1968 n'kufa mu 1972. Abale ndi ophunzira ake anapitiriza kajambulidwe komweko, ena n'kukopera kwa iwo, mpaka dzina la munthu linasanduka dzina la mtundu wa zithunzi. Ladyetsa mabanja ambiri ndithu, koma chithunzi chimodzi cha dzanja la mwini wake chimadula kuposa mulu wa zotsanzira.

Ndipo kukopera pakokha si tchimo limene anthu amaliyesa. Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College konkuno m'zaka za m'ma 1990, anaimika chipilala cha John Chilembwe pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Anachitenga pa chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe anaima ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa. Chithunzicho sanajambule ndi iye. Chake ndi nzeru yokuza Chilembwe kuti atalike kuposa mzunguyo, komanso dzina limene linaima kumbuyo kwa nzeruyo. Nthawi zina ndimaganiza za anyamata opinda galimoto za waya, zokhala ndi chiwongolero chachitali ndi matayala okhota bwinobwino. Mwa zonse zimene tili nazo kuno, zimenezi ndi zimene zikufanana kwambiri ndi zimene Michael Lau anayamba nazo, koma palibe amene amafunsa dzina la wopinda.

Lamulo lilipo. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira mu 1992, ngakhale ambiri amalidziwira ku nyimbo. Koma wosema wa m'mbali mwa msewu sangasiye mphasa yake kukatsata mlandu wa mvuu ndi mnzake amene amadya naye nsima masana. Chovuta chenicheni chili pa lonjezo lija. Mmisiri walemba 20/20 pansi pa chosema chomaliza, fizi ya mwana ikudikira, ndiye mlendo waima ndi ndalama m'manja akufuna chimodzi china. Kukana kumatheka kwa munthu amene akudziwa kuti kukanako kudzamulipira mtsogolo, ndipo kumalipira pokhapo pamene pali anthu ogulitsana zinthu zakale za mmisiri yemweyo, mtengo n'kumamveka poyera. Ku London ndi ku Hong Kong ntchito imeneyi amagwira ndi a okushoni ndi magalale, nyumba zoonetsera ndi kugulitsa zaluso. Kuno chosema chikagulidwa chimakwera ndege, osadzamvekanso.

Pakadali pano malire akubwera okha kudzera ku mitengo. Phingo wokhwima akusowa ndipo osema akumugula kutali. Mkungudza, mtengo wa fuko lino, watsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje komwe ndi kwawo, ndipo umene unamera pa phiri la Zomba ndi wochita kubzalidwa ndi a zankhalango m'nthawi ya atsamunda. Bokosi la mkungudza weniweni lasanduka kale chinthu chowerengeka, koma likugulitsidwabe mokambirana, popanda dzina pansi pake.