Si ma fey onse amene amakhala ndi mapiko

Ena amene ayamba kusewera Dungeons & Dragons (masewera amene osewera amakhala ngati anthu a m'nthano) kuno ku Chipata amaganiza kuti fey aliyense (cholengedwa chamatsenga cha m'nthano) ndi kamtsikana ka mapiko a gulugufe. Ayi ndithu. Mapikowo anawatchukitsa ojambula a ku Britain m'zaka za m'ma 1800. M'nthano zakale za ku Ireland zolengedwazi zambiri zinalibe mapiko.

M'malamulo a masewerawa a 2014, tima fey tating'ono totchedwa pixie ndi sprite tilidi ndi mapiko. Koma satyr ali ndi miyendo ya mbuzi, dryad amakhala mumtengo, blink dog ndi galu wozimiririka n'kutulukira pena, ndipo green hag ndi nkhalamba yoopsa yosintha maonekedwe. Onsewa ndi ma fey. Woyendetsa masewera akafuna fey wake azikhala mumlambe wa ku Luangwa, musiyeni, sanaphwanye lamulo.