Kumene kudachokera ndalama zophunzitsira eni nthaka a ku America ntchito ya mulaibulale

Mu 1879 boma la America lidatsegula sukulu yogonera komweko ku Carlisle, m'chigawo cha Pennsylvania, ya ana a mafuko a eni nthaka. Anawo ankametedwa tsitsi, kupatsidwa mayina achizungu ndi kulangidwa akayankhula chinenero cha kwawo. Sukulu zotere zidachuluka m'dziko lonselo. M'zaka zomwezo akatswiri achizungu ankayendayenda m'midzi ya mafukowa kulemba nthano ndi kujambula nyimbo, n'kukazisunga ku Washington ndi m'mayunivesite. Mwana ankalandidwa chinenero m'kalasi, chinenero chomwecho chikukaikidwa pashelefu kutali komwe agogo ake sakadafikako.

Ngakhale kasanjidwe ka mabuku kadali ndi tsankho lake. Njira ya Dewey, yomwe idayamba mu 1876, imaika mabuku ambiri onena za mafukowa pa nambala 970, pakati pa mbiri yakale, ngati kuti anthuwo adatha kalekale. Mwana wachiNavajo wofuna kuwerenga za anthu akwawo ankawapeza m'gulu la zinthu zomwe zidapita, chikhalirecho amayi ake akumudikira kunyumba.

Wokonza zimenezi adayenera kukhala mwini wake. Koma ku America munthu amatchedwa katswiri wa laibulale akakhala ndi digiri yachiwiri, ya masitazi, yochokera kusukulu yovomerezedwa ndi American Library Association, bungwe lalikulu la malaibulale m'dzikolo. Fizi yake ndi yokwera, zambiri mwa sukuluzo zili m'mizinda, pomwe madera ambiri a eni nthaka ali kutali ndipo ndi osauka. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe padagona nkhani yonse. Mayi wodziwa chinenero, wodziwanso nyimbo yomwe siyenera kumvedwa ndi mlendo, ankangokhala wothandizira, udindo n'kupita kwa wobwera wokhala ndi pepala.

Lotsee Patterson, mayi wa fuko la Comanche, adaliona vutoli msanga. M'zaka za m'ma 1970, ali ku University of New Mexico, adapeza ndalama za boma zophunzitsira anthu a m'midzi ya Pueblo kuyendetsa malaibulale awoawo. Mu 1978 nthumwi za mafuko zidakumana ku Denver kukambirana za malaibulale a m'madera awo, ndipo mu 1979 bungwe la American Indian Library Association lidabadwa. Patterson adali mmodzi mwa oliyambitsa, pamodzi ndi Virginia Mathews wa fuko la Osage. Mu 1984 lamulo la boma lothandiza malaibulale lidawonjezeredwa gawo lopatula ndalama za malaibulale a mafuko.

Nyumba ndi mabuku zidayamba kupezeka, koma anthu ophunzira ntchitoyo adali ochepabe. Mu 1997 American Library Association idakhazikitsa thumba la Spectrum lolipirira ophunzira a mitundu yomwe idatsalira pantchitoyi. Mu 2001 University of Arizona, ku Tucson, idayambitsa Knowledge River, pulogalamu yothandiza ophunzira ofuna kutumikira eni nthaka ndi anthu achiLatino (omwe makolo awo adachokera ku Latin America), ndi thandizo la Institute of Museum and Library Services, nthambi ya boma yoona za malaibulale. Bungwe la American Indian Library Association lija lilinso ndi thumba lakelake, lomwe tsopano limatchedwa dzina la Mathews, ndipo limafuna wophunzira wokhala ndi kugwira ntchito pakati pa anthu akwawo. Mfundo imeneyi imandisangalatsa, chifukwa digiri yongomutengera munthu kumzinda sikadathandiza mudzi. Mu 2007 Loriene Roy, wa fuko la Anishinabe, adakhala woyamba mwa eni nthaka kutsogolera American Library Association.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mbali yaikulu ya ndalamazi imachokera pakhomo limodzi, la nthambi ya boma ija. Mu Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump adalamula kuti Institute of Museum and Library Services ichepetsedwe mpaka pomwe lamulo lingalolere. Ogwira ntchito adaimitsidwa, thandizo lina lomwe lidaperekedwa kale lidadulidwa, ndipo nkhaniyo idakathera kukhoti.